Za Ana Amene Timawakhazika Kumbuyo

Ndifuna kutsutsa mau amene ndawamva kawirikawiri m'makomboni athu a mu Lusaka, ku Kanyama, ku Chawama ndi ku George, ndipo ndawamvanso pakamwa pa anthu ophunzira amene anayenera kudziwa bwino. Iwo amati mwana wakhungu, wogontha kapena wopunduka miyendo ali ndi sukulu zace, ndipo sukulu ya m'komboni si yace iai. Mauwa amamveka ngati a cifundo, koma ndiwo akutsekera ana ambiri m'nyumba.

Tiyambe ndi sukulu zimene akunenazo. Mu 1905 Mai Issie Hofmeyr, mkazi wa mmisoni wa Dutch Reformed Church, anayamba kuphunzitsa akhungu pa Magwero, pafupi ndi Chipata. Nchitoyo inali ya amisoni kufikira 1971, pamene Boma linaitenga, nilitsegula mu Lusaka koleji ya aphunzitsi a ana olumala, imene lero icedwa ZAMISE. Sindinyoza sukulu zotere. Mwana wakhungu ayenera kupeza womphunzitsa zilembo za Braille, ndipo wogontha ayenera kupeza wodziwa kulankhula ndi manja. Koma sukuluzi ndi zowerengeka, ndiponso ziri kutali. Kucokera ku Lusaka kufika ku Magwero pali makilomita oposa 500. St Mulumba iri ku Choma, Da Gama iri ku Luanshya. Kodi mai wogulitsa tomato pa msika wa ku Matero apeza kuti ndalama za basi, za bulangete ndi za sopo katatu pa caka? Tsono pamene munthu anena kuti mwana apite ku sukulu yace, cimene cicitikadi ndi cakuti mwanayo akhala pakhomo, nakula osadziwa kulemba dzina lace.

Malamulo tiri nao. Mu 1996 Boma linalemba m'buku lace la Educating Our Future kuti ana olumala aziphunzira pamodzi ndi anzao ponse pamene nkutheka, ndipo mu 2012 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo la anthu olumala, loletsa kuwasala. Koma ine ndine kalaliki wa Boma, ndipo ndidziwa kuti pepala likhoza kugona m'kabati zaka zambiri osasuntha njerwa ndi imodzi yomwe.

Ndinene cimene ndinaona ndi maso anga. Mwana wa mlongo wanga anadwala kwambiri ali wamng'ono, ndipo atacira anatsala wosamvetsa bwino. Mu 2022, pamene Boma linacotsa malipiro a sukulu, ana anadzaza zipinda kufikira ena kukhala pansi, ndipo mnyamatayu, pokhala wamtali, anamkhazika pa benci la kumbuyo. Mphunzitsi ankalankhula akulemba pa bolodi, atafulatira ana. Mnyamata uja amamva mwa kuyang'ana milomo, tsono caka conse anangoona nkhongo ya mphunzitsi. Anamucha waulesi, kenaka wopusa, ndipo anzace anaphunzira mauwo msanga koposa masamu. Nditapita kwa mphunzitsi wamkuru, anandilandira mwaulemu, nandiuza kuti ana acuruka, ndipo mphunzitsi mmodzi sangathe kusamala mwana ali yense payekha.

Zakuti ana acuruka ndi zoona, ndipo wonyoza aphunzitsi athu ayambe waima yekha tsiku limodzi pamaso pa khamu lotere. Koma ndinati, "Aphunzitsi, sindipempha mphunzitsi wina, kapena makina ocokera kunja. Ndipempha kuti mwanayu akhale pa benci la kutsogolo, ndi kuti wophunzitsa azitembenuka polankhula." Anacita comweco. Sipanalowe ngwee, ndipo caka cisanathe mnyamatayo anayamba kukweza dzanja m'kalasi. Caka coyamba cija anacitaya cabe, cifukwa panalibe anamfunsa ngati akumva. Kodi alipo angati m'Mtendere ndi m'Kalingalinga amene alembedwa opusa, pamene cosowa cao ndi malo oyandikira bolodi, kapena zilembo zazikuru pa pepala la mayeso?

Za opunduka miyendo ndiye zocititsa manyazi. Ku Kanyama nthaka iri pa thanthwe, ndipo mvula ikagwa madzi amaima m'njira masiku ambiri. Mwana wa pa njinga ya olumala akalimbana ndi matope amenewo, nafika pa sukulu, apeza masitepe pa khomo la kalasi, ndi cimbudzi ca dzenje ca khomo lopapatiza, cimene sangalowemo koma pokwawa pansi ndi manja. Ife amene tinaona kolera mu 2018 ndi mu 2024 tidziwa tanthauzo la kukwawa m'malo otere. Msungwana wa zaka khumi ndi ziwiri sangapirire zimenezi nthawi yaitali. Asiya sukulu, ndipo m'kaundula alembamo kuti analeka yekha. Apa pokha palibe anganene kuti ndalama kulibe. Mu 2022 Boma linakweza ndalama za citukuko za CDF kucokera pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera liri lonse la phungu, ndipo zina mwa izo zimamanga makalasi ndi zimbudzi. Potsetsereka pokwerera njinga pafuna matumba owerengeka a simenti. Kalasi yatsopano ikamangidwa popanda ipo, ndiye kuti amene anakhala pa msonkhano sanamkumbukire mwanayo.

Makolo naonso ali ndi mlandu, makamaka amene abisa mwana kucipinda poopa kuti anansi anena za ufiti. Akuru anati lungalunga mpobadwa, cilema cicita kudza, ndipo msewu wa Great East Road ucitira umboni mwambiwu mwezi ndi mwezi.

Inu amene mwatsiriza sukulu, ena mwa inu mupita ku makoleji a uphunzitsi. Sabata loyamba m'kalasi mwanu, imani kumbuyo, lankhulani motsitsa mau, muone amene sakutembenuka. Lembani zilembo zazing'ono pa bolodi, muone amene akutsinzinira. Ndipo inu amene mukudikira nchito, komiti ya citukuko ya wadi yanu imasonkhana pafupi ndi kwanu. Pitani pamene akambirana za kalasi yatsopano, mupemphe kuona pulani yace, ndipo mufunse kuti khomo la cimbudzi ndi lotakata bwanji.