Mwana Wosakhazikika ndi Botolo

M'mudzi uliwonse ndi m'kalasi iliyonse mumapezeka mwana amene akulu adatopa naye. Mukamtuma mchere kugolosale abwera ndi machesi, kapena osabwera n'komwe chifukwa wapeza anzake akumenya mpira panjira. Aphunzitsi asanatsirize funso, iye wayankha kale. Ife makolo timamutcha wopulupudza kapena wosamva, ndipo mankhwala ake timati ndi chikwapu.

Madokotala ali ndi dzina lina. Ena mwa ana otere, osati onse ai, ali ndi vuto lotchedwa ADHD, ndiko kulephera kusunga maganizo pa chinthu chimodzi, kusakhazikika, ndi kuchita chinthu asanachiganizire. Si lachilendo. M'chaka cha 1902 dokotala wa ana, George Still, adafotokoza za ana otere mumzinda wa London, ngakhale kuti dzinali lidakhazikika mu 1987. Mwa ana 100 alionse pa dziko lapansi, pafupifupi asanu ali nalo, ndipo zizindikiro zake zimaoneka mwana asanakwanitse zaka 12. Kawirikawiri limatsata mtundu. Bambo amene akukalipira mnyamata wake lero, mwina naye adali chimodzimodzi pa ubwana wake. Sikulodzedwa.

Chatichititsa kulemba ndi ichi: ofufuza adapeza kuti achinyamata a vutoli amayamba fodya, mowa ndi chamba msanga kuposa anzao, ndipo akayamba amakodwa mosavuta. Mbali yakutsogolo ya ubongo, imene imaletsa munthu monga mabuleki aletsera njinga, imatsiriza kukhwima pa zaka ngati 25, ndipo mwa mwana wa ADHD imachedwerapo. Tsono mnzake akamtambasulira botolo la kachasu, dzanja limalandira mutu usanafunsidwe. Mowawo ukalowa, umayamba kufooketsa mabuleki omwewo. Taganizani njinga ya mabuleki otha kale ikutsika pa Khwekhwerere, wina n'kuthirapo mafuta!

Chifukwa china n'chowawa, pakuti chikukhudza ife. Mwana amene kwa zaka khumi wakhala akumva kuti "ndiwe wachabe" m'mawa kunyumba ndi masana kusukulu, adzafunafuna komwe angamlandire. Gulu la kushabini silifunsa malikisi. Kumeneko kulongolola kwake amasekera, kusaopa kwake amayamikira. Ena amatinso akasuta chamba phokoso la m'mutu limayamba laleka, ndipo sitikuti akunama. Koma mpumulo umenewo ndi katapila. Chamba chimafooketsa chidwi ndi kukumbukira, zomwezo zimene mwanayo akusowa kale, ndipo kwa ena amene achiyamba ali aang'ono chimautsa misala. Wina asakunamizeni kuti chidaloledwa: lamulo la 2020 lidalola kulima chamba cha mankhwala ndi cha m'mafakitale kwa okhala ndi chilolezo, koma kusuta silidalole. Nato timowa ta m'masacheti tidaletsedwa ku Zambia mu 2012 ndi kuno kwathu mu 2015, koma mowa waukali wotsika mtengo sudachoke pamsika.

Inu anyamata ndi atsikana amene mwadziona m'mau awa, sindinu opusa. Koma dziwani pamene mphamvu zanu zimachepera. Yankho lokana mulikonze mukadali kunyumba, pakuti pakati pa anzanu simudzapeza nthawi yoliganiza. Likhale lalifupi: "Ine ai, mawa ndili ndi mpira." Mukanena, chokanipo. Musaime kuti mutsutsane nao, chifukwa kukana kachitatu n'kovuta kuposa koyamba. Chenjeraninso ndi madzulo a Loweruka opanda chochita. Munthu wosakhazikika salimbana nako kukhala chabe. Mpira, kwaya, ukalipentala, kukonza njinga, chilichonse chotopetsa thupi ndi kutanganitsa manja, chipatseni nthawi imeneyo ena asanaitenge.

Kwa ife makolo, choyamba ndi kupita naye mwanayo kuchipatala ndi kufunsa oona za matenda a maganizo. Alipo m'zipatala zathu zazikulu, komanso ku Zomba Mental Hospital ndi ku St John of God ku Mzuzu. Tikudziwa kuti maina amenewa amaopsa ambiri, koma kuyezetsa mwana sikunena kuti wapenga. Ena amapatsidwa mankhwala otchedwa methylphenidate, ndipo pali makolo amene amaopa kuti mwana azolowera mankhwala ozunguza bongo. Ofufuza sadapeze choncho pamene mankhwalawo akumwedwa monga adokotala alamulira. Komabe asungidwe ndi kholo, asagawiridwe kwa anzake, ndipo asakumane ndi mowa m'mimba.

Kunyumba timpatse lamulo limodzi pa nthawi, timuyang'ane m'maso polankhula naye, ndipo akachita bwino timuuze pomwepo, osadikira maliro a agogo kuti tinene zabwino za mbumba. Nkhani ya mowa ndi chamba tiiyambe ali ndi zaka khumi, tsiku lamtendere, tikupalira naye kudimba, osati usiku umene wabwera akununkha. Ndipo abambo, lekani kumtuma mwanayo kukagula botolo lanu. Njira imeneyo akaidziwa ndi ndalama zanu, tsiku lina adzaiyenda ndi zake.