Kodi Tidzakwatulidwa Kapena Tidzapirira?

Ndifuna kunenapo maganizo anga pa mabuku ndi mafilimu onena za kutha kwa dziko, amene achinyamata ambiri timawakonda koma amatisiya tikunjenjemera akazimitsa magetsi.

Lotchuka kwambiri mwa mabuku amenewa ndi Left Behind, limene Tim LaHaye ndi Jerry B. Jenkins a ku America adatulutsa m'chaka cha 1995. Nkhani yake imayambira m'ndege. Woyendetsa ndegeyo, Rayford Steele, akuuzidwa kuti anthu ena asowa m'mipando yawo, pangotsala zovala. Pansi pano nakonso magalimoto akugundana chifukwa madalaivala asowa, ndipo ana aang'ono onse palibe. Umenewu akuti ndiwo mkwatulo. Otsala ayenera kuona zaka 7 za chisautso pansi pa Wokana Kristu, Nicolae Carpathia, wandale wa ku Romania amene akukhala mkulu wa United Nations. Mabuku a nkhaniyi adafika 16, ndipo makope ake oposa 60 miliyoni adagulidwa. Filimu yake idatuluka mu 2000, ina mu 2014.

Kunena zoona nkhaniyi ndi yokoma, ukayamba kuwerenga nsima imazizira. Koma paja akulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ambiri sadziwa kuti chiphunzitso choti Ambuye Yezu adzabwera mobisa kudzatenga anthu awo chisautso chisanayambe, kenaka n'kudzabweranso poyera, sichidachokere kwa Atumwi. Amene adachifalitsa ndi John Nelson Darby wa gulu la Plymouth Brethren, cha m'ma 1830, ndipo chidalowa m'mabanja ambiri a ku America kudzera m'Baibulo la Scofield la 1909. Vesi limene amalidalira kwambiri ndi 1 Atesalonika 4:17. Koma tikawerenga kuyambira vesi 13 tipeza kuti Paulo woyera ankatonthoza akhristu olira maliro, powauza kuti abale awo omwalira sadzatsalira pa tsiku la Ambuye. Ndi mau a pa siwa, othetsa misozi. Akutchulanso mfuu ndi lipenga la Mulungu. Nanga lipenga limalira mobisa? Ife m'Kumvera kwa Atumwi timavomera kubweranso kumodzi kokha, pamene adzaweruze amoyo ndi akufa.

Chimene chimandivuta kwambiri si kusiyana kwa ziphunzitsoku ayi, koma mtundu wa mkhristu amene mabukuwa amaumba. Mnyamata akawerenga, sadzifunsa ngati amakonda Mulungu ndi mnzake. Amadzifunsa ngati adzatsale. Akafika pakhomo n'kupeza kuli zii, mtima umagunda kuti kapena amayi atengedwa. Pemphero lake limasanduka ngati la munthu wopempha malo m'basi yotsiriza. Ndipo munthu wamantha sachedwa kukhulupirira aliyense wobwera ndi deti. Edgar Whisenant adati ndi 1988. Harold Camping adati ndi pa 21 May 2011, ena mpaka adasiya ntchito ndi kumwaza chuma chawo. Masikuwo adadutsa, dzuwa lidatuluka. Chonsecho pa Marko 13:32 Ambuye adanena poyera kuti tsikulo salidziwa ngakhale angelo.

Tisaganize kuti mantha otere amagwira a mipingo ina okha. Ku Kanungu, m'dziko la Uganda, gulu lina lolosera za kutha kwa dziko lidatsogozedwa ndi anthu amene adachoka mu Mpingo wathu womwe uno, ena mwa iwo adakhalapo ansembe. Pa 17 March 2000 anthu mazanamazana adapsera m'nyumba yopemphereramo, ndipo pamodzi ndi mitembo imene idapezeka m'maenje pambuyo pake, akufa adaposa 700. Sindikunena kuti adaphedwa ndi mabuku a nthano. Ndikunena kuti mantha amatha kutsekera munthu chitseko n'kukhomapo misomali.

Buku la Chivumbulutso, limene olemba nkhanizi amatolamo zilombo ndi nambala 666, lidalembedwa ndi Yohane ali pa chilumba cha Patmos chifukwa cha Mau a Mulungu. Ankalembera mipingo 7 ya ku Asia Minor, komwe lero ndi dziko la Turkey, mu ulamuliro wa Aroma. Anthuwo chisautso sankachiwerenga m'buku, adali nacho pakhomo. Akhristu a ku Smyrna sadalonjezedwe kuti adzathawitsidwa. Adauzidwa kuti ena adzaponyedwa m'ndende, ndipo akhale okhulupirika ngakhale pafike imfa.

Ku Uganda komweko kuli moto wina woti tiukumbukire. Pa 3 June 1886, ku Namugongo, Kizito woyera adatenthedwa ali ndi zaka pafupifupi 14, wamng'ono kwa ine ndi kwa ambiri a ife pano. Adali atangobatizidwa ndi Charles Lwanga masiku owerengeka m'mbuyomo. Palibe amene adamukwatula. Kodi tinene kuti Mulungu adamusiya? Ine ndikuona kuti Mulungu adali naye m'motomo, monga adali ndi Mwana wake pa mtanda.

Sindikupempha kuti mabukuwa atenthedwe. Buku loletsedwa ndilo limayenda kwambiri pansi pa matiresi, aseminale anzanga mukudziwa. Pempho langa kwa abambo otiphunzitsa ndi loti atipatse nthawi yowerenga Chivumbulutso chonse pamodzi, mitu yonse 22, kufikira pamene Mulungu akupukuta misozi ya anthu ake, osangolekera pa mutu 13. Kwa inu makolo, mwana akabwera ku holide n'kukufunsani za 666, musamukalipire kapena kumuseka. Mufunseni chimene adaona kapena kuwerenga, ndipo ngati funsolo lakukulirani, Lamulungu Misa ikatha pitani naye kwa abambo mfumu.