Kalembera apite komwe kuli munthu

Mu 2011 mayi Sela Brotherton a bungwe la anthu olumala la ZAFOD anasumira bungwe loyendetsa zisankho la ECZ kukhoti lalikulu ku Lusaka, ndipo khotilo linagamula kuti ECZ inasala anthu olumala posawakonzera malo oti alowemo n'kuvota mwachinsinsi. Chaka chotsatira kunabwera lamulo loteteza anthu olumala la 2012. M'mabuku a malamulo nkhaniyi inatha kalekale, koma kumidzi ya ku Chongwe ikadalipo.

Tikuvomereza kuti zina zasintha. Kunabwera zikuto za Braille zoti wosaona alowetsemo pepala n'kuchonga yekha, ndipo olumala saimikidwa pamzere. Koma zonsezi n'za tsiku lovota, pomwe ambiri amakhala atatayika kale m'njira.

Kuti munthu alembetse m'kaundula wa ovota, ayenera kukhala ndi chitupa chobiriwira cha NRC. Taganizirani mayi wa ku Kanakantapa amene miyendo yake inapuwala. Akafuna kufika paboma, wina asiye khasu, amunyamule pa njinga kapena pa ngolo mpaka pa Great East Road, kenako akambirane ndi kondakitala yemwe mwina afunanso ndalama ya njinga ya olumala ngati katundu. Akafika n'kuuzidwa kuti "mubwere mawa", ndi angati angabwerenso? Ulendo wa chitupa, wa kalembera, wa kukaona dzina m'kaundula, wa kukavota: maulendo anayi, uliwonse ndi mtengo wake. Pamapeto pake pamudikira khonde la sukulu la masitepe awiri, ndi mchenga umene matayala amatitimiramo mu Ogasiti. Wosamva naye amafika pathebulo n'kupeza kuti palibe wodziwa chinenero chamanja.

Ife tikuti alembi ndiwo ayende. Chongwe ili pakhomo pa Lusaka, sitinganamizire kutalika. Mafumu a pansi pa Mfumu Yaikulu Nkomeshya Mukamambo II amadziwa nyumba iliyonse yomwe muli munthu wosatuluka, ngakhale amene abale amamubisa chifukwa cha manyazi. A ECZ, a zitupa ndi a bungwe loona za anthu olumala la ZAPD akwere galimoto imodzi, atsogozedwe ndi mafumuwo, chitupa ndi khadi lovotera zituluke tsiku lomwelo pabwalo la mudzi. Ndipo polembapo afunse munthuyo zimene adzafune povota, kuti chikuto cha Braille chisakagone m'bokosi ku Chalimbana wochifuna ali kutsidya kwa mtsinje wa Chongwe.