Akacotsa wosewera pa mndandanda, atiuze cifukwa cake

Kuno ku Chama mpira wa dziko timaumvera pa wailesi, ndipo amwai amaupenyerera pa kanema wa sola m'masitolo a pa boma. Koma pa kukangana za amene ayenera kuvala malaya a Zambia, sitigonjera a ku Lusaka. Kochi akangotulutsa maina, pa Sondo Misa ikatha anthu sabalalika msanga. Pansi pa mtengo wa mango uyu akuti wakuti anamusiyiranji, uyo akuti wakuti analowa ndi ciphuphu, mpaka azimai ayambe kuitana kuti nsima yazizira.

Mkangano wosankha ndi wabwino, ndipo sudzatha. Umene utidetsa nkhawa ife ndi wina: wa wosewera amene dzina lake linalipo kale, kenaka mawa lake timva kuti sapita, popanda wina wotiuza bwino cimene cacitika.

Tiyambe ndi Barbra Banda. Mu 2021, pa masewera a Olympic ku Tokyo, mtsikanayu anagoletsa zigoli zitatu posewera ndi Netherlands, ngakhale tinagonja 10-3, ndipo anabwerezanso zitatu posewera ndi China pamene tinafanana mphamvu 4-4. Kunalibe mkazi wina amene anacitapo zotere kawiri motsatizana pa Olympic. Caka cotsatira, mu July 2022, Copper Queens anapita ku Morocco ku cikho ca akazi ca Africa, ndipo kaputeni wao sanalowe m'bwalo ngakhale kamodzi. Akulu a FAZ, kudzera mwa pulezidenti wao wa nthawiyo a Andrew Kamanga, anati sanakwanitse zofunika pa malamulo a CAF oyeza ngati munthu ayenera kusewera ndi akazi. Nyuzipepala zinalemba kuti nkhani inali pa kuculuka kwa testosterone m'magazi. A CAF nao anakana, nati madokotala ao sanaletse munthu. Mabungwe awiri analozana zala, ndipo pakati pao panaima mwana wa zaka 22 amene thupi lake linasanduka nkhani ya m'mabawa ndi m'mabasi.

Ife tinamva ndi makutu athu zimene anthu anali kukamba masiku amenewo, ndipo sitingazilembe m'nyuzi ino. Ena mwa okambawo ndi akhristu odya m'gome. Pophunzitsa a kalasi lamulo lacisanu ndi citatu timati kuipitsa mbiri ya munthu ndi kuba cinthu cimene sungathe kubweza. Tinaiwala msanga kuti wochuka nayenso ali ndi mai ake amene amamva wailesi.

Cimene cinatsatira cionetsa kuti cisokonezo cinali m'maofesi. Atsikanawo, pansi pa kochi Bruce Mwape, anatenga nambala 3 ku Morocco atagonjetsa Nigeria 1-0, napeza malo ku cikho ca dziko lonse kwa nthawi yoyamba. Mu September caka comweco Barbra anasewera COSAFA ku South Africa, nagoletsa zigoli 10, Zambia n'kutenga cikho. FIFA inamulola kusewera World Cup ya 2023, kumene penati yake posewera ndi Costa Rica inakhala cigoli ca nambala 1,000 m'mbiri ya mpikisanowo. Mu 2024 ku France anagoletsanso zitatu posewera ndi Australia, ndipo kumapeto kwa cakaco CAF yomweyo inamupatsa mphoto ya wosewera wamkazi woposa onse mu Africa. Munthu ndi mmodzi yemweyo, thupi ndi lomwelo. Nanga mu July 2022 analakwa ciani?

Sitikunena kuti matenda a munthu kapena zotsatira za ku cipatala azizilengeza pa wailesi, iai. Zimenezo n'zacinsinsi, monga za m'kanyumba kolapira. Cimene cinafunika ndi cakuti lamulo lenilenilo likhale lodziwika kwa onse ulendo usanayambe, ndiponso bungwe limene lapanga cigamulo livomere kuti ndife tagamula. Zimenezi zikanateteza mtsikanayo koposa kukhala cete kumene kunasiya aliyense kudzipekera yankho lake.

Amuna nao zinawacitikirapo, koma mwa mtundu wina. Akulu akumbukira October 2013, pamene Chipolopolo inali ndi mpira waubwenzi ndi Brazil ku Beijing. Anyamata atatu a TP Mazembe ya ku Lubumbashi, Stoppila Sunzu, Rainford Kalaba ndi Nathan Sinkala, sanakwere ndeke. Timu yao inati ndi odwala, a FAZ anakaika, boma linalowererapo, mapasipoti analandidwa, mpaka tinamva za zikalata zowagwira. Tinagonja 2-0. Apa anthu anagawikana. Ena anati anyamatawa agulitsa dziko cifukwa ca ndalama za ku Congo, poti Mazembe inali ndi mpira waukulu wa cikho ca CAF masiku omwewo. Ena anati kodi munthu amene anagoletsa penati yomaliza ku Libreville pa 12 February 2012, natipatsa cikho ca Africa, lero akhale ngati mbala?

Pa nkhani iyi sitiikira kumbuyo osewera kotheratu. Woitanidwa ndi dziko ayenera kubwera, ndipo ngati wadwala madokotala a dziko amuone. Koma tizinena zoona: mnyamata wa mpira ali ngati mlimi wa thonje amene anatenga mbeu ndi mankhwala pa ngongole ku kampani. Amene amamulipira mwezi ndi mwezi ndi kalabu, ndipo zaka zake zodyera mpira n'zocepa. Akathyoka mwendo pa mpira waubwenzi, ife ocemerera sitidzasonkha ndalama zodyetsa ana ake. Mkangano weniweni unali wa mabungwe awiri, koma cilango cinagwera wapakati. Njovu zikamenyana m'dimba, mwini mpunga ndiye amagona ndi njala, ndipo ife a m'cigwa ca Luangwa sitifunikira wotimasulira mau amenewa.

Pali citsanzo cina cimene cinayenda bwino. Mu April 2025 Copper Queens anaitanidwa ku mpikisano ku China, ndipo FAZ inacotsa pa ulendowo atsikana anai osewera ku America: Barbra Banda, Grace Chanda, Prisca Chilufya ndi Racheal Kundananji. Inanena poyera kuti malamulo atsopano a za maulendo a boma la America akanawavutitsa pobwerera ku nchito zao. Ena anadandaula kuti timu yafooka, koma panalibe miseche, cifukwa cifukwa cake cinachulidwa ndipo wogamula anadzichula yekha.

Kwa azungu nakonso mikangano yotere iliko. Kuli masewera ovina motsetsereka pa madzi oundana, amene ife tingawaone pa kanema cabe, poti ku Chama madzi amaundana m'firiji mokha. Mu January 2014 ku Boston, pa mpikisano wa dziko la America, Mirai Nagasu anakhala wacitatu ndipo Ashley Wagner wacinai. Malo opita ku Olympic ya ku Sochi anali atatu, koma komiti inatenga Wagner n'kusiya Nagasu. Okonda masewerawo anakwiya kwambiri. Kusiyana kwake ndi kwakuti lamulo lao linali lolembedwa kale, lakuti adzayang'ana zimene munthu wacita pa mipikisano ingapo, osati tsiku limodzi. Anthu anatsutsa ciweruzo ca komiti, koma anali ndi pepala loti alozepo. Nagasu anapirira, napita ku Olympic ya 2018 ku Korea, nabwerako ndi mendulo ya bulonzi ya timu.

Mpingo unadziwa njira imeneyi kalekale. Pa mutu woyamba wa buku la Nchito za Atumwi, pofuna wolowa m'malo mwa Yudasi, Petro anayamba wanena pamaso pa anthu ngati 120 zoyenereza munthuyo: akhale amene anayenda nao kuyambira pa ubatizo wa Yohane. Pambuyo pake ndi pamene anachula maina awiri, Yosefe Barsaba ndi Matiasi. Sitiwerenga kuti a kwa Barsaba anacoka mu mpingo.

Tanena za ku Lusaka ndi ku Cairo, koma matendawa alinso pakhomo. Tinaonapo mtsikana wa m'mphakati wathu atasankhidwa kukaimira zoni yake pa mpira wa masukulu. Makolo anagulitsa nkhuku kuti amugulire nsapato. M'mawa wa ulendo, galimoto ili kale pa msewu, anamuuza kuti atsike, pamalo pake panakwera wina wamsinkhu woposa. Palibe anamuuza cifukwa, ndipo mwanayo sanakhudzenso mpira. Alimi adziwa kuwawa kwake: dzina linali pa mndandanda wa feteleza wa koparetivu, unalipira gawo lako, tsiku lolandira ukuuzidwa kuti kompyuta yakukana. Ngakhale pa kwaya yopita ku mpikisano wa dinale zimacitika, ndipo apa ife atsogoleri a m'machalichi tisaloze ena cala.

Pa msonkhano wotsatira wa bungwe la parishi tidzapempha zinthu ziwiri za timu ya acinyamata ndi kwaya: kuti zoyenereza zilembedwe ndi kumatidwa pa citseko ca chalichi mwezi umodzi kusankha kusanacitike, ndiponso kuti wocotsedwa auzidwe pamaso ndi wapampando mwini wake, makolo ake alipo. Aphunzitsi a zamasewera ndi makomiti a makoparetivu amene afuna kuona pepalalo, tidzawapatsa.