Wa traffic akaphonya cilembo, mlandu sukufa

Pa Kulima Tower, pa Lumumba ndi pa City Market, pamene madalaiva a minibasi amayembekeza kulonga anthu, pali "lamulo" lina limene aliyense amalidziwa koma palibe analiwelengapo. Ati wa traffic akalakwitsa polemba pepala la mlandu, ninshi wapulumuka. Akalemba Phili m'malo mwa Phiri, kapena akasokoneza deti, ungong'amba pepalalo n'kupitiliza ulendo wa ku Kanyama. Ndakhala ndikuimva nkhani imeneyi ngakhale kwa anyamata a Yango, ndipo amaikamba molimba mtima ngati maloya.

Ba dalaiva, musang'ambe. Lamulo silikutelo.

Milandu ya pamseu ili mu Road Traffic Act ya 2002, koma kayendetsedwe ka mlandu m'khoti kali mu Criminal Procedure Code. Gawo 213 la lamulo limeneli limalola woweluza kukonza mlandu umene walembedwa molakwika, malinga ngati woimbidwa mlandu asanayambe kudziteteza. Limanenanso kuti kusiyana kwa nthawi imene yalembedwa ndi imene mboni yachula sikugwetsa mlandu pakokha. Conco ngati munadutsa loboti yofiila pa Lumumba Road, wapolisi anakuonani, laisensi anaigwila m'manja, cilembo cimodzi ca dzina sicingakubiseni. Khoti ifuna kudziwa ngati ndinu munali pa siteling'i, osati ngati bwana uja anakhoza sipeling'i ku sukulu.

Manje sikuti colakwika ciliconse n'cacabecabe. Pali zina zimene zimagunda pamtima pa mlandu. Nambala ya motoka ikakhala ya galimoto ina, pepala likunena Corolla pamene inu muyendetsa Hiace, funso limasintha: ndani maka-maka analakwa? Cimodzimodzi ngati akulembelani kuti mulibe fitinesi pamene disiki ya RTSA ili pa windo ndipo siinathe. Apo muli ndi pokambila, cifukwa ndi boma liyenela kuonetsa umboni wakuti munalakwa. Makamela a liwilo atabwela mu Lusaka mu 2018, faini inali kutsatila dzina lolembedwa pa motoka, ndipo amene anagulitsa galimoto popanda kusintha mapepala anaphunzila kuti kompyuta nayonso siidziwa amene ali pa siteling'i.

Cimene cimandidetsa nkhawa kwambili ndi pepala lija la admission of guilt. Gawo 221 limalola munthu kulipila faini ya mlandu waung'ono popanda kukaima m'khoti, koma amayamba wasaina kuti akuvomela mlandu. Ambili amasaina ataimilila, maso ali ku basi, mtima uli pa kashing'i ya bwana ya madzulo. Saona n'komwe kuti mlandu wolembedwa si umene anauzidwa pakamwa. Ukasaina, wavomela zimene zili pa pepala. Kubwela mailo n'kumati "sin'nawelenge" ni nkhani yovuta, ndipo ndalama yapita kale.

Onaninso ndalamazo. Faini m'malamulo athu imalembedwa mu ma penalty unit, ndipo mu 2024 yuniti imodzi inakwela kucoka pa 30 ngwee kufika pa 40 ngwee. Mayuniti 1,000 amene anali K300 tsopano ndi K400. Funsani kuti mlandu wanu ndi wa gawo liti, ndipo ndalama imene mwapeleka ifanane ndi ya pa lisiti ya boma. Mukapeleka K400 lisiti n'kunena K200, kumeneko sikuphonya kwa bolopeni. Tonse tikudziwa dzina lake: nchekelako.

Ndikumvetsa cifukwa cake bodzali silikutha. Kupita ku khoti kumadya tsiku lonse, nthawi zina masiku angapo, ndipo basi ya ku Mtendere ikagona pa polisi, dalaiva, kondakita ndi ana ao onse agona ndi njala. Munthu wotelo amafuna kakhomo kothawila. Koma wong'amba pepala sanathawe kanthu. Ngati pepalalo linali kumuitana ku khoti ndipo sanapite, woweluza angathe kulamula kuti amangidwe, ndipo kamlandu ka K400 kasanduka nkhani ya m'selo.

Mukaona colakwika, cionetseni pomwepo mwaulemu kuti acikonze musanasaine. Cikakhala cacikulu, musavomele mlandu: jambulani pepala ndi foni, jambulani nambala ya motoka ndi madisiki, mukakambe kwa woweluza. Amene alibe ndalama ya loya angafunse ku Legal Aid Board.

Kwa apolisi nako ndili ndi mau. Dalaiva wa ku George akaiwala laisensi m'thalauzi ina, palibe amamumvela cifundo. Nanga n'cifukwa ciani pepala lokhala ndi cidindo ca boma lilembedwa ngati nkhongole ya pa kantemba, dzina la wolemba losawelengeka, gawo la lamulo osalichula? Akuluakulu a Zambia Police alamule kuti pepala lililonse lionetse bwino dzina ndi nambala ya wapolisi, gawo la lamulo ndi ndalama yake, ndipo dalaiva apatsidwe mphindi ziwili zowelenga asanagwile bolopeni.