Mizimu ya pa Chilumba cha Mbenje

M'boma la Salima, m'dera la Mfumu Makanjira, muli doko lotchedwa Chikombe. Kuchokera padokoli asodzi amapalasa ngalawa kupita ku chilumba cha Mbenje, kumene amapha utaka wochuluka.

Mwezi wa Disembala ukafika, mfumu imatseka chilumbachi. Asodzi onse amalonga maukonde awo nabwerera kumtunda kukalima. Misasa imatsala pululu ngati bwinja kufikira mwezi wa Epulo. Akuluakulu amati eni ake a chilumbachi ndi mizimu ya makolo. Amatinso munthu wopitako mozemba, kapena wotengerako mowa, chamba ndi njuga, amakumana ndi njoka, mphezi kapena namondwe.

Ana ena a sukulu akamva zimenezi amaseka, nafunsa kuti, "Kodi mzimuwo adauona ndani?" Funsoli n'labwino ndithu. Mphezi imang'anima dzinja lililonse, kaya pali wolakwa kaya palibe. Njokanso zimakonda malo amene udzu wakula ndipo anthu aleka kuyendapo.

Komabe woseka mwambowu wafulumira. Tiyeni tione zimene wachita. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950, chaka ndi chaka nsomba za pa Mbenje zakhala zikupeza miyezi yoswana ndi kukula popanda wozisokoneza. Asodzinso amapeza nthawi yosamalira minda yawo, kotero kuti ndiwo zikadzabwera ufa ulipo kale. Kuletsa mowa nakonso n'kwanzeru, pakuti munthu woledzera sachedwa kugwa m'madzi. M'madera ena a nyanja yathu chambo chachepa chifukwa chosodza mosalekeza ndi maukonde a maso ang'onoang'ono. M'chaka cha 1997 boma lidakhazikitsa lamulo lolola anthu a m'midzi kuthandiza kusamala nsomba, koma anthu a kwa Makanjira adali atayamba kale.

Sitikunena kuti mwana wa sukulu azinjenjemera akamva za mizimu ayi. Tikuti azifunsa chimene makolo ankateteza posimba nkhanizo. Mantha okha akatha, chilumba chidzatsala chopanda mlonda. Koma mwana wodziwa chifukwa chake adzasunga lamulolo ngakhale usiku, popanda womuona.

Inu ana a kunyanja, asodzi a mawa ndinu. Mukadzatsegula Mbenje m'dzinja, adzukulu anu utaka adzangoumva dzina. Paja mawu a akulu akoma akagonera.