Za Galimoto Pakhomo: Wailesi Yolankhula Modukiza

Ulendo uno tikukambirani za vuto limene latidyera ndalama ife eni ake, ndipo tikaikumbukira ndalamayo mtima umatiwawabe. Pakhomo pathu, kuno kwa Mphuka m'boma la Thyolo, pali Toyota Corolla yakale imene inabwera kuchokera ku Japan itayendayenda kale, monga zimabwerera galimoto zambiri m'dziko muno. Ndiyo imanyamula odwala usiku, ndiyo imakagula ndiwo za paukwati ku Bvumbwe, ndiyonso imaperekeza maliro. Wailesi yake ndi yomwe ija inabwera nayo. Chaka chatha, mvula itangoyamba, wailesiyo inayamba khalidwe lachilendo. Sipika ya mbali ya dalaivala inkati kulankhula, kenaka zii, kenaka mau n'kubwera okha popanda wowaitana.

Wina anganene kuti imeneyi ndi nkhani yaing'ono pakuti galimoto imayendabe. Nafenso tinkatero, mpaka tsiku lina tikumvera mauthenga achisoni, mau anaduka pamene ankatchula dzina la mudzi. Mnyamata wathu amene ankayendetsa anayamba kumenya chitseko ndi chibakera kuti sipika idzuke, maso atachoka pamsewu. Amene mumaidziwa misewu ya m'maesiteti a tiyi nyengo ya mvula mukudziwa mmene dothi lofiira lija limaterera, ndiponso kuti m'mbali mwake mumayenda amayi ndi abambo atabereka madengu a tiyi. Galimoto inapendama, tonse n'kukuwa. Palibe anavulala, koma madzulo ake tinagwirizana kuti wailesiyo ikonzedwe kapena izimitsidwiretu.

Tinapita nayo ku Limbe kwa amakaniko ena a zamagetsi. Iwo sanatsegule chitseko n'chimodzi chomwe. Anangomvera pang'ono nati, "Bwana, wailesiyi yakalamba, gulani yatsopano." Tinagula, anaiika, ndipo pobwerera inaimba bwino msewu wonse wa tala, kudutsa pa Bvumbwe mpaka pa Thyolo Boma. Titangosiya tala n'kugunda bampu loyamba, mbali yomwe ija inati zii. Apo m'pamene tinazindikira kuti tapereka mankhwala kwa munthu wosadwala.

Cholakwa chathu chinali chakuti sitinamvetsere nthawi imene mau ankadukira. Vuto lobwera ndi kupita limadziulula lokha, munthu akakhala ndi chidwi. Tsono musanatulutse ndalama m'thumba, khalani pampando wa kutsogolo wina akuyendetsa, muyang'anitsitse nkhope ya wailesi. Ngati mau akaduka kuwala kwa manambala nako kumazima, ndiye kuti wailesi yonse ikusowa magetsi, ndipo mlandu uli pa fyuzi yokhala mogwedera, pa pulagi ya kumbuyo, kapena pa waya wakuda umene umamangidwa ku chitsulo cha galimoto. Ngati nkhope ikuwalabe koma sipika imodzi yokha ndiyo yakhala chete, wailesi musaiimbe mlandu msanga.

Kenaka ikani kaseti kapena CD. Nyimbo zikamaimba bwino koma siteshoni ndiyo imadukaduka, masipika alibe mlandu. Kuno kwathu n'kwa mapiri ndi zigwa, ndipo mukatsikira kumtsinje mau a siteshoni amatha kuthawa ngakhale pa wailesi yatsopano. Palinso china chimene ambiri sachidziwa. Mawailesi akale a ku Japan amagwira FM kuyambira pa 76 kulekeza pa 90 MHz, pamene masiteshoni athu ali pakati pa 87.5 ndi 108. N'chifukwa chake ogulitsa galimoto amalumikiza kabokosi kakang'ono pa waya wa eriyo kuti MBC, Zodiak, Radio Islam ndi ena azimveka. Kabokosi kameneka kawirikawiri kamalumikizidwa mothamanga, mawaya n'kungopota ndi zala, ndipo pa mabampu kamagwedera.

Zikatsimikizika kuti vuto ndi sipika, fufuzani kuti ndi iti. Pa wailesi pali malo olembedwa BAL, osunthira mau kumanja kapena kumanzere, ndi ena olembedwa FAD, osunthira mau kutsogolo kapena kumbuyo. Sunthirani mau onse ku sipika imodzi, muimvere payokha, n'kupita pa inzake. Ife tinapeza kuti zitatu zinali bwinobwino, yodwala inali ya chitseko cha dalaivala yokha. Galimoto itaima pabwalo, nyimbo zikuimba, tinayamba kutsegula ndi kutseka chitsekocho pang'onopang'ono. Chikafika pakati mau ankaduka, tikachikankha pang'ono n'kubwera. Mwana wa sitandade 5 akanatha kuloza pamene panali matenda.

Pakati pa chitseko ndi thupi la galimoto, pafupi ndi mahinjesi, pali kapaipi kamphira kamakwinyamakwinya. M'menemo mumadutsa mawaya a sipika, a magalasi ndi a loko. Nthawi iliyonse chitseko chikatsegulidwa mawayawo amapindika, chikatsekedwa amawongoka. Taganizani chitseko cha dalaivala, chimene chimatsegulidwa kuposa zonse, chitachita zimenezi zaka 20. M'kati mwa waya muli timawaya ta kopa tating'ono ngati tsitsi, ndipo timathyoka kamodzikamodzi monga imathyokera waya wa mpanda mukamaupinda uku ndi uku. Chomwe chimapusitsa n'chakuti chikopa cha pulasitiki chakunja chimaoneka chabwinobwino. Nsonga ziwiri zothyokazo zimangogundana m'katimo: pa tala zimagwirana, pa bampu zimasiyana. Tinakankhira mphira ija pambali n'kumakoka waya uliwonse mosamala. Umodzi unatamuka ngati lasitiki, pakuti m'kati munalibenso chogwira.

Pokonza, musangopota nsonga ziwirizo n'kukulunga tepi pamalo pomwepo, chifukwa mfundo youma pamalo popindika sikhalitsa. Dulani chigawo chonse chodutsa m'mphira, muikepo waya watsopano wofewa wa kukula komweko, kuti mfundo imodzi ikhale m'kati mwa chitseko ndi ina m'kati mwa galimoto, kumene sikugwedezeka. Mfundozo aziwotcherere ndi mtovu ndi kuzikuta bwino. Mnyamata wokonza mawailesi pamsika anatichitira zimenezi pa ola limodzi, ndipo mtengo wake sunafike ngakhale pa gawo limodzi mwa magawo khumi a ndalama ija tinasiya ku Limbe.

Popeza chitseko chinali chitatsegulidwa kale, tinaonanso sipika yeniyeniyo, ndipo apa anzathu a ku Thyolo ndi ku Mulanje mumvetsere. Mvula ndi chifunga cha chiperoni zimene zimakometsa tiyi wathu ndi adani a chitseko cha galimoto. Madzi amatsetsereka pagalasi n'kulowa m'kati, ndipo amayenera kutulukira pa timabowo ta pansi pa chitseko. Timabowoto tikatsekeka ndi matope, chinyezi chimakhala momwemo. Zogwirira mawaya pa sipika zimachita dzimbiri lobiriwira, pepala la sipika limafewa, ndipo timawaya tiwiri tolukana topita pakati pa pepalalo timatha kuduka. Tsegulani timabowoto ndi kamtengo, palani dzimbiri, ndipo pulasitiki ija imamatidwa kuseri kwa chivundikiro cha chitseko muibwezeretse. Amakaniko ambiri amaing'amba n'kuitaya ngati chinyalala, chonsecho ndiyo imatchinga madzi.

Kuyesa sipika sikulira zida zodula. Ichotseni ku mawaya a wailesi, mutenge batire la tochi la 1.5 volts, mugunditse kamphindi chabe ku zogwirira zake ziwiri. Yamoyo imati "thu" ndipo pepala limasuntha. Amene ali ndi mita yoyezera magetsi apeza ma ohm apakati pa 3 ndi 4, pakuti masipika ambiri a m'galimoto ndi a ma ohm 4. Mukamakankha pepala mopepuka ndi zala nambala n'kumalumphalumpha, kapena mukamva kukhulana m'kati, sipikayo yatha ndipo yofunika ina ya ma ohm omwewo.

Pali zinthu zimene tikupemphani ndithu kuti musachite. Pa magetsi ena a galimoto, monga nyali, chitsulo cha galimoto chimagwira ntchito ngati waya wachiwiri, tsono ena akapeza waya wa sipika woduka amangomangirira mbali imodzi ku chitsulo. Mawailesi ambiri amatumiza mphamvu pa mawaya onse awiri a sipika, ndipo kugunditsa umodzi ku chitsulo kumachititsa shoti imene ingapsereze chokuzira mau cha m'kati mwa wailesi. Waya wosupuka umene ukukhudza chitsulo mwa apo ndi apo umachitanso zomwezo: wailesi imadziteteza pozimitsa masipika onse kwa kanthawi, mwini wake n'kumaganiza kuti yafa. Mukaona mawaya kapena mapulagi achikasu, asiyeni, pakuti ndi a airbag, ndipo batire la tochi lija lisayandikire kumeneko. Musanadule waya uliwonse chotsani kaye mutu wa batire wa chizindikiro cha kuchotsera. Koma funsani kaye, chifukwa mawailesi ena, makamaka aja a sikirini olemba Chijapani, batire likachotsedwa amafuna nambala yachinsinsi kapena kakhadi kake ka mapu, ndipo popanda zimenezo sadzukanso.

Sitikunena kuti wailesi siilakwa. Ikamaimba bwino m'mawa kukuzizira, n'kuyamba kuduka itatentha, ngakhale galimoto itaima, kawirikawiri ndi mtovu wa m'kati umene wang'ambika ndi kutentha ndi kugwedezeka kwa zaka zambiri. Mau akamachita phokoso lothetheka pamene mukupotokola chokwezera, ndi fumbi ndi litsiro, ndipo pali mankhwala opopera oyeretsera zimenezi. Zonse ziwirizi wokonza mawailesi wodziwa ntchito yake amazithetsa popanda kugula wailesi ina.

Ife tinapempha mnyamata uja kuti abwezeretse wailesi yakale, popeza ndiyo imakwana bwino pamalo pake ndipo agogo amafuna makaseti awo. Loweruka lotsatira tinadzera dala msewu woipa uja wa m'minda ya tiyi, mawindo otseka, aliyense khutu lili tcheru, ndipo mau sanaduke mpaka tinafika pa tala. Yatsopano ija ili m'katoni pamwamba pa kabati. Amene tinagulako anakana kuilandiranso, ati mawaya ake anadulidwa kale.